Maselo a M'mimba mwa Adalaivala

Kuntchito ankamutchula kuti Namaso. Dzinali analipata pa maikulosikopu. Zaka khumi ndi zinayi akuweramira pomwepo, m'labu ya chipatala. Chipinda chachitali, mawindo atatu, fungo la mankhwala ndi phula losungunuka. Kanthu kakazemba maso a anzake onse, kankagwidwa patebulo pake.

Kunyumba kokha ndi kumene masowo sankagwira ntchito.

Mwamuna wake anali dalaivala wa basi. Maola asanu kupita, asanu kubwera, mawa lake kupuma. Mowa ayi. Fodya ayi. Kugona kunja ayi. Mlandu wake unali umodzi: kudya.

Nyemba sankadya. Anyezi sankafuna n'kumuona komwe. Mkaka, ndewu. Buledi, lero inde, mawa ayi. Namaso ankaphika, bamboyo n'kusuzumira mumphika, n'kudzigwira pamimba.

"Lero ayi, mayi. Kwavuta."

"Kwavuta kuti?"

"Komwe kuja."

Zaka zisanu ndi chimodzi za komwe kuja. Sabata ino kutsegula m'mimba, sabata yamawa kudzimbidwa. Zipatala anazungulira. Magazi anayeza. Chimbudzi anayeza kanayi. Anamujambula. Zonse zinkatuluka zoyera. Madokotala anapereka dzina: matumbo okwiya msanga. Matenda opanda bala, opanda kachilombo. Namaso, munthu wokhulupirira zooneka pagalasi, ankangoti, "Oho."

Zinafika poipa Lamlungu lina kwa mayi ake a Namaso. Mayiwo analawirira kuphikira mkamwini. Tebulo linadzaza. Bamboyo anatapa mpunga masipuni awiri, anathokoza, anadzuka. Kuchimbudzi. Mphindi makumi awiri. Potuluka anakakhala pakhonde, nkhope kumsewu.

"Akamwini," mayiwo anaitana, "chakudya changa chili ndi minga?"

"Ayi, amayi. Vuto ndi ineyo."

"Alamu amakhutira kwina," anatero mng'ono wake wa Namaso, akutafuna. "Basi ija imaima malo ambiri."

Onse anaseka. Namaso naye anaseka, mano okha.

Potsuka mbale, mayi ake anatsitsa mawu. "Mwanawe, chimunthu chonsechi sichikhalira mphepo. Alipo akumuphikira. Chipinda chako chija sindinaikemo munthu. Ukatopa, ubwere."

Namaso anatsuka mphika umodzi kawiri.

Mwezi womwewo kulabu kunabwera ntchito yatsopano. Anabwera nayo ndi Adokotala a matumbo, mayi wamfupi, woyenda ngati wasiya china pamoto. Anasonkhanitsa anthu a m'labu, anajambula chithunzi pabolodi.

"M'khoma la matumbo muli timaselo tobalalika. Kena apa, kena uko. Timalawa zimene munthu wadya, n'kutulutsa mahomoni. Mahomoniwo ndi mauthenga opita ku matumbo. Fulumirani. Dekhani. Wakhuta. Ofufuza ena akuti mwa anthu a matumbo okwiya timaseloti timakhala tochepa. Ena apeza zosiyana. Ife tiwerenga tokha."

"Akapitawo a m'mimba," anatero Madala, mkulu wodula phula. "Akachepa, antchito amangochita zawo."

"Mwina," anatero Adokotala. "Musathamange."

Namaso anamva mawu amodzi okha. Tochepa.

Ntchitoyo inkayenda motere. Odwala makumi asanu, osadwala makumi asanu. Aliyense Adokotala ankamulowetsa kapaipi ka kamera, n'kutsina kanyama ka m'matumbo, kochepa ngati njere ya mpunga. Madala ankakaika m'phula, kukadula mopyapyala, kukamata pakagalasi, kukathira utoto. Timaselo tija tinkasanduka tofiirira. Kuwerenga kunali kwa Namaso. Malo khumi pakagalasi kalikonse, chala chili pakachitsulo kowerengera. Tiki. Tiki. Tiki.

Lamulo linali limodzi. Wowerenga asadziwe mwini kagalasi. Nambala basi. Mayina ankakhala m'buku la Madala.

"Chifukwa?" anafunsa Namaso. "Maso anga mukuwakayikira?"

"Maso ayi," anatero Adokotala. "Mwini maso."

Madzulo a tsikulo Namaso anauza mwamuna wake. Bamboyo anali akusita yunifomu.

"Mulowe nawo."

"Kapaipi? Mayi, ine ndimaopa ngakhale jakisoni."

"Mukuopa kapaipi, kapena zimene kakapeze?"

Bamboyo anaimika simbi. "Lembani dzina."

Anapita Lachinayi. Tsiku lathunthu osadya, mankhwala otsuka m'mimba, kenako kapaipi. Adokotala anati matumbo ake ndi osalala, opanda chilonda, opanda chotupa. Zoyeranso.

Namaso anagamula mlandu yekha mumtima, osauza munthu. Kagalasi kanena. Timaselo tikapezeka tochepa, munthuyu akudwaladi, nkhani ya kwa amayi yatha. Tikapezeka tokwanira, akunama. Ngati akunama, ine ndikupita.

Chotsala chinali nambala.

Madala ankamwa tiyi teni koloko, zivute zitani. Buku ankalisiya patebulo, cholembera chili pakati. Namaso anadutsa kamodzi. Anadutsa kachiwiri. Kachitatu ananena mokweza kuti akufuna lumo. Chala chinatsegula pamene panali cholembera. Lachinayi. Mwamuna. Zaka makumi anayi ndi zinayi. Dzina. Nambala 42.

Anabwerera pampando.

Kagalasiko kanafika Lolemba, m'thireyi limodzi ndi tina khumi ndi tiwiri. M'mawa umenewo, asananyamuke kupita kudepoti, bamboyo anali atamupukutira nsapato n'kuzisiya pakhomo, zitaloza kunja. Namaso anaika 42 pansi pa diso la makinawo. Matumbo a mwamuna wake. Timizere topindika, totuwira, apa ndi apo kadontho kofiirira. Anakhala kaye osawerenga. Zaka zonsezi wagona pafupi ndi mimba imeneyi, mkati mwake n'kumuona lero.

Tiki. Tiki. Malo khumi. Kachitsulo kanati 61.

Tochepa. Timagalasi tina m'thireyimo tinali pa 80, pa 90. Analemba ndi pensulo. Mtima unakhala pansi. Akudwaladi, munthu wa Mulungu. Pobwerera kunyumba anamugulira nthochi.

Madzulo pofuna kuchapa yunifomu, anakhuthula chikwama cha bamboyo. Tochi. Magolovesi. Mpukutu wathunthu wa tishu. Pansi penipeni, kabokosi ka chakudya. Kapulasitiki, chivindikiro cha maluwa ofiira. Kotsukidwa bwino. Sikanali ka m'nyumba muno.

Ananunkhiza. Sopo wachilendo.

Anakabwezera mmene kanaliri. Sanafunse. Bamboyo atati, "Lero ayi, mayi," iye anangovindikira mphika, phwa. Nthochi anadya yekha, zonse zinayi.

Lachiwiri anatenganso 42. Kungotsimikiza, anadziuza. Tiki tiki tiki tiki. 94.

Anayang'ana manambala awiriwo. Anapukuta diso la maikulosikopu. Anatikita ake. Anamwa madzi. Anawerenganso. 77.

Kagalasi komweko. Utoto womwewo. Chala chomwecho.

Anatenga kena, nambala 17, ka munthu wosamudziwa. Dzulo 83, lero 85. Anatenga 29. Dzulo 70, lero 70. Maso analibe vuto.

Anabwerera ku 42, pang'onopang'ono tsopano, akudzizonda yekha. Mpamene anadzigwira. Pakagalasi kalikonse pamakhala timaselo tokayikitsa. Tina utoto walowa pang'ono. Tina todulidwa theka, m'mphepete. Lolemba tonseto anatidumpha, ndipo dzanja linkapita lokha kumalo opanda kanthu. Lachiwiri m'mawa chilichonse chofiirira chinali selo, ngakhale kachitsotso. Ulendo wachitatu anangogawa pakati, ngati woweruza wamantha.

Akanatha kulemba 77 n'kukhala chete. Palibe akanadziwa. Anagwira cholembera. Anachisiya. Ananyamula pepala, anakagogoda kwa Adokotala.

Adokotala anawerenga manambala atatuwo.

"Kagalasi kamodzi?"

"Kamodzi."

"Ndi ka ndani?"

"Ka amuna anga. Ndinasuzumira m'buku."

Adokotala anavula magalasi. Anaitanitsa Madala. Madala anamva nkhaniyo ataimirira, manja kumbuyo.

"Ndiye lumo lija silinali lumo," anatero. "Mayi inu! Kuyambira lero tiyi ndizimwa nditakhalira buku."

"Nambala 42 simukagwiranso," anatero Adokotala. "Kakawerengedwa ndi wina, kulabu ina. Zachitikazi mulemba, musaina, zilowa m'failo. Mukadzachitanso, ntchito ino mudzaisiya."

"Ndamva."

"Koma mwabwera nokha. Chimenecho ndachiona."

Madala anatuluka akupukusa mutu. Namaso sanadzuke.

"Adokotala, ingondiuzani. Akadzawerenga enawo, ikadzatuluka 61, ndiye kuti akudwala?"

"Ayi."

"Ikadzatuluka 94, ndiye kuti akunama?"

"Ayinso. Mayi, tikuwerenga anthu zana kuti tiyerekeze gulu ndi gulu. Mwa odwala mutha kupezeka wa 90. Mwa osadwala mutha kupezeka wa 60. Kagalasi kamodzi sikagamula za munthu mmodzi."

"Nanga inu mumadziwa bwanji kuti munthu akudwala?"

"Ndimayeza zoopsa, ndione ngati palibe. Kenako ndimafunsa, iye n'kundiuza. Amuna anu anakhala pampando mwakhalapowo mphindi makumi anayi."

"Anati chiyani?"

"Zimenezo ndi zawo. Mumakhala nawo nyumba imodzi." Anavalanso magalasi. "Mawa musabwere. Maso apume."

Lachitatu sikisi koloko m'mawa Namaso anali kudepoti. Sanauze munthu. Utsi, mahutala, katundu wokulunga m'masaka. Anakwera basi ya mwamuna wake, anakhala mzere wachitatu, mbali ya kanjira. Zaka zonsezi anali asanaikwerepo. Bamboyo anamuona pagalasi loonera kumbuyo. Nsidze zinakwera. Analiza injini.

Kondakitala anali chimunthu chandevu, mawu ngati hutala. Anaboola tikiti ya Namaso osamuyang'ana. Sankadziwana.

Mzinda unatha. Magalaja, ogulitsa matabwa, mlatho, minda. Bamboyo ankayendetsa mofatsa, mabampu onse ankawadziwa pamtima. Namaso ankangoona khosi lake ndi dzanja la pagiya.

Patatha maola awiri khosilo linayamba kunyowa. Kunja kunali kozizira. Dzanja linachoka pagiya, linapita palamba, linamasula bowo limodzi. Kenako lina. Msana unapindika. Anayang'ana wotchi. Anayang'ana chikwangwani cha makilomita. Anapirira phiri lonse, anapirira mlatho wina. Basi inapatukira pamalo omwetsera mafuta.

"Apa si poima!" wina anakuwa kumbuyo.

"Adalaivala ali ndi chibwenzi pano!"

"Ife tikuchedwa ku intavyu!"

Kondakitala anali ataimirira kale. "Matayala, makolo anga! Tikuyang'ana matayala. Mukufuna mukafike kapena mukagonekedwe?" Anatsika, anayamba kumenya tayala lililonse ndi phazi, nkhope ya katswiri.

Bamboyo anatsikira kukhomo lake. Namaso anamuona pawindo. Malaya atakakamira pamimba yotupa ngati ya mayi wa miyezi isanu. M'mawa inali yophwa. Timasitepe ting'onoting'ono, mawondo pamodzi, mutu m'mwamba. Ankayesetsa kuoneka ngati munthu wongowongola miyendo. Mayi wothira mafuta anamuponyera kiyi osafunsa. Anaiwakha osatembenuka.

Anthu makumi asanu ndi limodzi ankamuyang'ana. Ena ankaseka.

Kunyumba Namaso ankangoona chitseko chotseka. Kuyenda kumeneku anali asanakuonepo.

Bamboyo anatuluka patatha mphindi khumi, nkhope yonyowa, atasamba kumaso. Anabweza kiyi. Anakwera, anapepesa anthu ndi dzanja. Asanafike anaimanso kwina. "Akumbuyo tsopano!" anakuwa kondakitala. "Matayala akumbuyo!"

Kumapeto kwa ulendo kunali depoti ina, yafumbi. Anthu anabalalika. Bamboyo anakakhala pabenchi kuseri kwa ofesi ya matikiti, pamthunzi wa khoma. Namaso anamupeza pomwepo, anakhala kumapeto kwa benchilo.

"Mwandilondola, mayi?"

"Ndakulondolani."

"Mwapeza chiyani?"

Asanayankhe, kondakitala anatulukira. Anatula kabokosi pabenchi. Kapulasitiki, chivindikiro cha maluwa achikasu. Bamboyo anapisa m'chikwama, anatulutsa kopanda kanthu kaja ka maluwa ofiira, anapereka. Kusinthana kwa anthu ozolowera.

"Mpunga woyera, dzira lowiritsa, mchere pang'ono," anatero kondakitala. "Anyezi sanadutseko n'komwe." Anaona Namaso. "Awa ndi?"

"Akazi anga."

"Alamu!" Chimunthu chija chinavula chipewa. "Pepani, sitinadziwane. Ine ndine mkazi wamng'ono. Zaka zitatu ndikuphikira bamboyu. Mabokosiwa ndimaba kwa akazi anga. Iwo akuganiza kuti ndili ndi chibwenzi."

Namaso anafuna kuseka. Anangoyang'ana kabokosiko.

Kondakitala anayang'ana uyu, anayang'ana uyo. "Ndikaone katundu," anatero, ngakhale katundu yense anali atatsika kale.

Anatsala awiri.

"Bwanji osandiuza ine?" anafunsa Namaso.

"Ndinakuuzani. Chaka choyamba. Munati m'nyumba muno simuphikidwa miphika iwiri."

Namaso anakumbukira. Anali ataima pasinki, msana ukuwawa ndi maikulosikopu. Ananena kamodzi kokha.

"Ndiye munangosiya?"

"Munthu umatopa kufotokoza chinthu chosaoneka. Ngakhale ineyo masiku ena ndimadzifunsa ngati ndikunama." Anatsegula kabokosi. "Kagalasi kanu kati bwanji? Ndikudziwa kuti mwakafufuza. Inuyo simungapirire."

"Kanena zitatu zosiyana. Vuto linali wowerenga. Andilanda."

"Mwalowa m'mavuto?"

"Pang'ono."

Bamboyo anamenya dzira pabenchi, anayamba kusenda. "Ndiye mukupita kwa amayi?"

Namaso anadzidzimuka.

"Khonde lija lili pansi pa windo la kukhitchini, mayi."

Mwezi wathunthu akudziwa. Akusita, akupukuta nsapato, akulowetsedwa kapaipi. Namaso anayang'ana fumbi la pakati pa mapazi ake. Basi ina inadutsa, ikulira hutala.

"Sindikupita," anatero. "Zimayamba bwanji? Mukamayendetsa. Yambani poyambirira."

"Mukufunadi? Si nkhani ya pachakudya."

"Ine ndimagwira ntchito ndi zimbudzi za anthu, bambo. Yankhulani."

Anayankhula. Anati zimayamba ngati wina akumanga chingwe pansi pa mchombo, n'kumakoka. Anati tsiku la ulendo m'mawa sadya kanthu, madzi okha. Zimbudzi za msewu wonsewu amazidziwa, ya madzi, yopanda chitseko, ya kiyi. Pali makilomita makumi anayi opanda chimbudzi ngakhale chimodzi, ndipo akangowaganiza, mimba imadzuka yokha. Tsiku lina sanafike. Linali tsiku lija anabwera atavala thalauza la kondakitala, n'kunena kuti lake lathiridwa oyilo.

"Linkakukwanirani kawiri," anatero Namaso.

"Munaseka."

"Ndinaseka."

Anati choopsa kuposa msewu ndi Lamlungu kwa apongozi. Ukakana, wanyoza. Ukadya, nkhondo. Ankayankhula akudya, pang'onopang'ono, supuni theka theka. Namaso ankafunsa. Nanga nthochi? Nthochi zimatheka, zisanapse kwambiri. Nanga nsomba? Yowotcha. Nanga nyemba zanga zija? Bamboyo anatseka maso ngati wokumbukira wakufa.

"Nyemba zanu, mayi, ndimazilota."

"Amayi ndiwauza ndine," anatero Namaso. "Adzakwiya."

"Adzati ndakudyetsani mankhwala."

"Inu? Munthu woopa anyezi?"

Kondakitala analiza hutala. Nthawi yobwerera.

Namaso anakhalanso mzere wachitatu. Anthu ena, katundu wina, dzuwa mbali ina. Ola loyamba linadutsa bwino. Lachiwiri linadutsa. Lachitatu khosi linanyowa. Dzanja linapita palamba. Basi inapatuka.

"Aaa, iyayi!" anakuwa bambo wina wa suti, akuloza wotchi. "Kodi basi ino ndi yoperekeza ukwati?"

Kondakitala anali kumbuyo kwenikweni, atapanikizika pakati pa masaka, akukangana ndi mayi wina za mpando. Bamboyo anali atatsika kale, timasitepe take ting'onoting'ono. Mitu yonse inatembenukira kuwindo.

Namaso anaimirira.

"Matayala, bambo," anatero. "Khalani pansi."

Anatsika. Anayamba ndi lakutsogolo, analimenya ndi phazi. Linali lolimba kuposa mmene ankaganizira, chala chinamva. Anatsimphina pang'ono, anapita ku lotsatira.